Kodi Maliro Awa Ndi a Ndani?

Pa 10 Ogasiti 2007, mumzinda wa Paris ku France, munachitika maliro amene ndakhala ndikuwasinkhasinkha kwa nthawi yaitali. Womwalirayo anali Kadinala Jean-Marie Lustiger, amene anatsogolera arkidayosizi ya Paris kuyambira 1981 mpaka 2005. Ku tchalitchi lalikulu la Notre-Dame kunasonkhana maepiskopi, ansembe ambirimbiri, akuluakulu a boma, ngakhalenso mtsogoleri wa dzikolo, Nicolas Sarkozy, amene anadukiza tchuthi chake ku America kuti adzakhale nawo pa mwambowo. Zonse za Misa zinali zitakonzedwa. Koma bokosi silinalowe m'tchalitchi msanga. Analiika panja, pabwalo, patsogolo pa khomo. Mnyamata wina wa m'banja la womwalirayo anawerenga Salimo 113 m'Chihebri, ndipo pa bokosipo anaikapo dothi lochokera ku Dziko Loyera. Kenaka mkulu wina wa zaka 83, Arno Lustiger, mbale wake wa Kadinalayo, munthu amene anapulumuka ku ndende za imfa za Hitler, anaimirira n'kunena Kaddish, pemphero limene Ayuda amanena polira akufa awo. Atamaliza ndi pamene anthu ananyamula bokosi lija kulowa nalo m'tchalitchi, Misa n'kuyamba.

Zimenezi sizinachitike mwangozi ayi. Mwini wakeyo anachita kupempha asanamwalire kuti zidzayende choncho.

Ife timadziwa bwino kuti pa maliro ndi pamene pamaonekera eni ake a munthu. Ali moyo, munthu amakhala wa aliyense: wa kuntchito, wa kumpingo, wa anzake a pabawo. Koma tsiku lomuika m'manda pamakhala ndondomeko. Amayamba kuyankhula ndi a banja, kenaka amfumu, pomaliza mwambo umaperekedwa m'manja mwa mpingo. Ndipo enafe taonapo maliro ataima mpaka dzuwa kupendeka, adzukulu atatopa kudikira kumanda, chifukwa cha funso limodzi lokha: kodi maliro awa ndi a ndani? Ku Paris tsiku limenelo funsolo linalipo, ndipo linali lolemera kuposa mmene timalidziwira, chifukwa amene anagona m'bokosimo anali Kadinala wa Eklezia Katolika amene moyo wake wonse ankanena poyera kuti iye ndi Myuda.

Anabadwa pa 17 Sepitembala 1926 ku Paris komweko. Makolo ake, a Charles ndi a Gisèle, anali Ayuda a mabanja ochokera ku Poland, ndipo ankapezera chakudya pa kasitolo ka zovala. Mwanayo anamutcha Aaron, dzina la agogo ake a kuchimuna, lomwenso ndi dzina la Aroni uja, mbale wake wa Mose. Pakhomo pawo sankalimbikira za chipembedzo. Mnyamatayo sanakulire mu sunagoge, ndipo sanaphunzitsidwe malamulo a Mose monga amachitira ana a m'mabanja opemphera. Komabe ankadziwa kuti ndi Myuda, ndipo akadati aiwale, anzake ena kusukulu ankamukumbutsa pomunyoza.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, makolo anamutumiza pamodzi ndi mlongo wake ku Orléans, kuthawa zoopsa za mu Paris. M'Sabata Yoyera ya chaka cha 1940 analowa m'tchalitchi lalikulu la mumzindawo pa Lachinayi Loyera, n'kubwereranso pa Lachisanu Loyera, ndipo kuyambira pamenepo anatsimikiza mumtima kuti akufuna ubatizo. Anabatizidwa mu Ogasiti chaka chomwecho, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 14. Makolo ake anavomera monyinyirika. Pa ubatizowo analandira maina a Jean-Marie, koma la Aaron lija sanalitaye. Mayi ake anabwerera ku Paris kukayang'anira sitolo, ndipo kumeneko anagwidwa, n'kutsekeredwa ku Drancy. Mu Febuluwale 1943 anawatumiza ku Auschwitz, komwe anakaphedwa. Anali mmodzi mwa Ayuda pafupifupi 76,000 amene anatengedwa mu France pa zaka zimenezo, ndipo obwerera amoyo anali owerengeka. Bambo ake anapulumuka. Nkhondo itatha anayesetsa kuti ubatizo wa mwana wawo ufafanizidwe, koma mwanayo anakana. Mu 1954 anadzozedwa unsembe, mu 1979 anakhala episkopi wa Orléans, ndipo mu 1981 Papa John Paul II anamutumiza ku Paris. Atolankhani atamufunsa za mbiri yake, sanazembe. Anawauza kuti anabadwa Myuda ndipo akadali Myuda, ngakhale ambiri zimenezi sangazivomere.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Munthuyu ankachita Misa tsiku ndi tsiku. Sankasunga Sabata la Chiyuda, sankatsata malamulo a zakudya, sankapemphera mu sunagoge. Nanga Chiyuda chimene ankati sanachisiyecho chinali chiyani? Kodi anali mawu chabe a munthu wolira mayi ake?

Vuto lathu akhristu ndi lakuti tikamva mawu akuti chipembedzo timaganiza za chinthu chimene munthu amasankha. Umakhulupirira, umaphunzira katekisimu, umalowa. Ukasiya kukhulupirira, umatuluka. Chiyuda sichikwana bwino m'bokosi limenelo. Malinga ndi lamulo lawo lakale, mwana wobadwa kwa mayi wa Chiyuda ndi Myuda, basi. Kwa ife amene tinakulira m'midzi yomwe mwana amawerengedwa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume, zimenezi sizovuta kuzimvetsa. Myuda amene sakhulupirira n'komwe kuti kuli Mulungu amawerengedwabe Myuda, ndipo otere alipo ambiri, ku Israel ndi kwina komwe. Koma sitinganenenso kuti ndi nkhani ya magazi okha, chifukwa mlendo angathe kulowa, akaphunzira ndi kulandiridwa. Rute, mkazi wa ku Mowabu uja, analowa choncho, ndipo mwa zidzukulu zake munatuluka mfumu Davide. Si nkhani ya khungu ayi: Ayuda a ku Ethiopia, amene zikwi zambiri a iwo anasamutsidwira ku Israel pa ndege mu 1984 ndi mu 1991, ndi akuda ngati ife, pomwe a ku Poland ndi azungu. Chimene chikuwamanga pamodzi ndi banja limene lili pa chipangano ndi Mulungu, ndipo chipanganocho chimayenda ndi ana ndi zidzukulu, kaya mwanayo wamvera kaya waulukira kutali.

Chodabwitsa ndi mmene banja limeneli lakhalirabe. M'chaka cha 70, asilikali a Chiroma anagwetsa Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu. Guwa la nsembe linatha, ntchito ya ansembe awo inathera pomwepo, ndipo mtunduwo unabalalika. Kuchokera nthawi imeneyo mpaka 1948 analibe dziko lodzilamulira. Mitundu ina yambiri imene timaiwerenga m'Chipangano Chakale, monga Afilisti, Amowabu ndi Aedomu, inasungunuka n'kutha. Ayuda alipobe, ngakhale Hitler anapha okwana 6 miliyoni. Lero pa dziko lonse alipo opitirira pang'ono 15 miliyoni, kutanthauza kuti Amalawi tachuluka kuposa iwo. Anasungidwa ndi chiyani?

Aphunzitsi awo, amene amawatcha arabi, anachita chinthu chanzeru: anasamutsira guwa la nsembe pa tebulo la m'nyumba. Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe, mayi wa pakhomo amayatsa makandulo. Bambo amadalitsa chikho cha vinyo ndi mikate iwiri, makolo amasanjika manja pa mitu ya ana n'kuwadalitsa, ndipo mpaka Loweruka madzulo ntchito imaima. Sabata ndi sabata, kwa zaka mazanamazana, kaya ndi ku Yemen kaya ndi ku Russia. Mwana sayamba ndi kuuzidwa kuti khulupirira chakuti. Amayamba ndi kununkhiza mkate, kuona kuwala kwa kandulo pa nkhope ya mayi ake, kumva dzanja la bambo ake pamutu. Chiphunzitso chimabwera pambuyo, chikupeza malo atakonzedwa kale.

Usiku wa Pasaka ndiye zimaonekera bwino. Banja limakhala pa chakudya: mkate wosatupitsa, masamba owawa, madzi a mchere okumbutsa misozi ya ukapolo. Mwambo suyenda mpaka mwana wamng'ono pa onse atafunsa chifukwa chimene usikuwo ukusiyanira ndi usiku wina uliwonse. Taonani, saika wamkulu patsogolo kuti alalike. Amadikira funso la mwana. Ndipo poyankha, akuluakulu sanena kuti makolo athu akale anali akapolo ku Ejipito. Amadziika okha m'nkhaniyo, kunena kuti akapolowo tinali ife, ndipo wotulutsidwayo ndine. Lamulo lawo limafuna kuti mu mbadwo uliwonse munthu azidziona ngati iye mwini ndiye anatuluka mu Ejipito. Kukumbukira kotereku si kuganizira zakale ngati mmene timaganizira za njala ya 1949. Ndi kulowa m'zimene zinachitikazo ngati zikuchitika lero.

Mkatolika aliyense ayenera kudzidzimuka pang'ono pamenepa, chifukwa umu ndi mmene timamvera Misa. Tikamati Ukaristia ndi chikumbutso cha imfa ndi kuuka kwa Ambuye, sitinena kuti tikungokumbukira nkhani yakale. Timati tili pomwepo. Kaganizidwe kameneka sitinakapange ife. Tinakatenga pa tebulo la Pasaka pamene Yesu, Myuda wochita mdulidwe pa tsiku lachisanu ndi chitatu, anakhala ndi ophunzira ake, Ayuda okhaokha. Ngakhale mapemphero amene wansembe amanena popereka mkate ndi vinyo, otamanda Mulungu mwini zonse chifukwa cha zipatso za nthaka, anaumbidwa potengera madalitso amene bambo wa Chiyuda amanena pa chakudya.

Tsopano tibwerere ku pemphero lija linanenedwa pabwalo la Notre-Dame. Kaddish ndi pemphero la anamfedwa, koma mukalimva simupezamo mawu onena za imfa, ngakhale dzina la womwalirayo. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi lotamanda Mulungu: kupempha kuti dzina lake likwezedwe ndi kuyeretsedwa, kuti ufumu wake ufike, kuti mtendere ubwere. Amene amanena Atate Athu tsiku lililonse aona kale kuti mapemphero awiriwa ndi apachibale. Mbali yake yaikulu ili m'Chiaramu, chiyankhulo chimene Yesu ankayankhula pakhomo. Mwana amene bambo kapena mayi ake amwalira amalinena tsiku ndi tsiku kwa miyezi 11, kenaka chaka ndi chaka pa tsiku la imfayo.

Koma pali lamulo limodzi limene ine landigwira mtima kuposa onse. Pempheroli munthu saloledwa kulinena ali yekha. Pamafunika Ayuda akuluakulu khumi, gulu limene amalitcha minyan. Kwa osunga mwambo wakale amawerenga amuna okha, kwa ena amawerenga ndi akazi omwe, koma chiwerengero ndi chomwecho. Namfedwa amanena mawu, enawo amavomera. Popanda ovomera palibe pemphero. Taganizani tanthauzo lake. Munthu wosweka mtima, amene akungofuna kudzitsekera m'chipinda, lamulo limamutulutsa m'mawa ndi madzulo kukafuna anthu asanu ndi anayi. Ndipo anthu asanu ndi anayiwo, ena osamudziwa n'komwe, lamulo lomwelo limawadzutsa kuti apite, chifukwa mmodzi akajomba mnzawo salira mayi ake. M'masunagoge ang'onoang'ono si zachilendo kuona anthu asanu ndi anayi akuyang'ana kukhomo, kudikira wa khumi. Wa khumiyo angakhale mmphawi, wosaphunzira, kapena munthu amene sanapondeko ku sunagoge zaka zambiri. Akangolowa, chiwerengero chakwana. Arabi asanu ndi anayi ophunzira kwambiri sakwana, koma osoka nsapato khumi amakwana.

Masiku asanu ndi awiri oyamba maliro ataikidwa, anamfedwa amakhala m'nyumba pa mipando yaifupi, atang'amba chovala chawo pachifuwa. Saphika. Anansi ndi amene amabweretsa chakudya, ndipo pemphero limabwera kunyumbako, anthu khumi aja n'kudzadzaza chipinda. Mwambo wawo umati wodzapepesa asayambe kuyankhula, adikire namfedwa ayambe yekha. Chimenechi bwenzi titatengerako, ife amene nthawi zina timafika pa siwa ndi ulaliki wokonzeratu.

Choncho ndikafunsidwa kuti kukhala Myuda kumatanthauza chiyani kwa munthu payekha, yankho limene ndikuliona ndi lakuti palibe Myuda payekha. Ndi chinthu chimene umachilandira usanadziwe kusankha, ndipo chimasungidwa m'manja mwa anthu ena. Mayi amakupatsa, ana amakufunsa za icho, anthu asanu ndi anayi amachigwirizira tsiku limene iwe wafooka. Aaron Lustiger sanalandire zambiri za mwambowu ali mwana, koma analandira dzina la agogo ake, analandira chitonzo cha kusukulu, ndipo analandira imfa ya mayi ake, amene sanaphedwe chifukwa cha zimene ankakhulupirira koma chifukwa cha mtundu umene anabadwiramo. Kunena kuti sindinenso Myuda kukanakhala ngati kuwasiya okha mayiwo m'sitima ya ku Auschwitz. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiwola.

Komatu ngati zili choncho, pali mbali ina imene sitiyenera kuithawa. Ngati Chiyuda chimasungidwa ndi gulu, ndiye kuti gululo lili ndi mawu pa nkhani ya amene ali mkati ndi amene ali kunja. Munthu sangadziwerenge yekha m'gulu la khumi. Ndipo Ayuda ambiri, opemphera ndi osapemphera omwe, amaona kuti ubatizo ndiwo malire. Mu 1995 Kadinala Lustiger atapita ku Israel, mmodzi mwa akulu a arabi m'dzikolo, Yisrael Meir Lau, ananena poyera kuti munthuyu anapereka mtundu wake ndi chipembedzo chake pa nthawi ya mdima woopsa. Mawuwo ndi owawa, koma tisafulumire kumuweruza wonenayo. Lau anatulutsidwa m'ndende ya Buchenwald ali kamwana kosakwana zaka khumi, ndipo bambo ake, amenenso anali rabi, anaphedwa ku Treblinka. Kwa munthu wotere, mwana aliyense wa Chiyuda amene anapulumuka anali mbewu yotsala m'nkhokwe yopsa. Kuona mbewu imeneyo yamera m'munda wa ena kunali kutayanso kachiwiri.

Nkhani yofanana nayo inafika mpaka ku khoti. Oswald Rufeisen anali Myuda wa ku Poland amene pa nthawi ya nkhondo anadzibisa mtundu wake, n'kumagwira ntchito yotanthauzira kwa apolisi a Germany m'tauni ya Mir. Atamva tsiku limene Ayuda a m'tauniyo adzaphedwe, anawatsina khutu, ndipo ambiri anathawira m'nkhalango. Iye anakabisala kwa asisitere, anabatizidwa, ndipo pambuyo pake anakhala wansembe wa chipani cha Akarimeli, wodziwika ndi dzina lakuti Brother Daniel. Atasamukira ku Israel anapempha kuti alandiridwe ngati Myuda wobwerera kwawo, monga lamulo la 1950 limalolera Myuda aliyense. Mu 1962 khoti lalikulu la dzikolo linamukanira. Oweruza anavomera kuti pa lamulo la arabi mwana wa mayi wa Chiyuda amakhalabe Myuda ngakhale atapatuka, koma anati mmene anthu wamba amamvera mawuwo, Myuda amene walowa Chikhristu sangatchedwenso Myuda. Unzika anaupeza kudzera njira ya alendo, ndipo anakhala ku Haifa mpaka imfa yake mu 1998. Munthu amene anaika moyo wake pa chiswe chifukwa cha mtundu wake anauzidwa ndi mtundu womwewo kuti khomo lako ndi linalo.

N'chifukwa chiyani ubatizo, umene kwa ife ndi khomo la moyo, kwa iwo umamveka ngati kuba mwana? Yankho lake ndi lochititsa manyazi, koma tiyenera kulidziwa. Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, ubatizo unkafika kwa Ayuda ndi lupanga kumbuyo. Mu 1492 mafumu a Spain anawalamula kuti asankhe: kubatizidwa kapena kuchoka m'dzikomo. Mu 1858 mumzinda wa Bologna, womwe unali pansi pa ulamuliro wa Papa Pius IX, apolisi analanda mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, Edgardo Mortara, m'manja mwa makolo ake a Chiyuda, chifukwa wantchito wa m'nyumbamo anati anamubatiza mobisa ali khanda pamene ankadwala. Mwanayo sanabwezedwe. M'madera ambiri Sabata Yoyera inali nthawi ya mantha kwa Ayuda, chifukwa akhristu ena ankatuluka m'tchalitchi atamva za masautso a Ambuye n'kukagenda nyumba zawo. Anthu amene agogo awo anasankha kufa kapena kusamuka kusiyana ndi kubatizidwa, simungawadabwe akamva kupweteka mwana wawo akapita yekha ku madziwo.

Ine maganizo anga ndi awa. Kadinala ankanena zoona. Petro, Yohane, Paulo ndi Amayi Maria sanaleke kukhala Ayuda pamene anakhulupirira Yesu, ndipo ubatizo sufafaniza mayi wa munthu. Koma Rabi Lau nayenso ankanena zoona za chilonda cha mtundu wake, ndipo si ife akhristu amene tingamuuze kuti chilondacho chapola, pakuti ena mwa amene anachitema ndi makolo athu m'chikhulupiriro. Tilibenso mphamvu youza Ayuda amene ayenera kumuwerenga m'gulu lawo la khumi. Ndiye mawu a Kadinala akuti ndikadali Myuda sanali chigamulo chimene akanatha kudzipatsa yekha. Anali ngati mawu a namfedwa pa Kaddish: amanenedwa, kenaka amadikira wovomera. Iye anadikira moyo wake wonse, akudziwa kuti ena sadzavomera, ndipo sanasiye kunena, sanabwezenso chipongwe kwa amene ankamukana.

Pa nthawi yodikirayo sanangokhala. Pamene panabuka mkangano chifukwa cha nyumba ya asisitere Akarimeli imene inatsegulidwa pafupi ndi mpanda wa Auschwitz, Ayuda akudandaula kuti manda a anthu awo akuvekedwa chizindikiro cha chipembedzo china, iye anali mmodzi mwa amene anakambirana mpaka kugwirizana mu 1987 kuti asisiterewo asamuke, ndipo anasamukadi mu 1993. Mu 1997 analimbikitsa nawo maepiskopi a ku France kuti akaime ku Drancy, malo omwe mayi ake anatsekeredwa, n'kupepesa poyera chifukwa Mpingo wa m'dzikomo unakhala chete pamene Ayuda ankasakidwa. Ndipo mu 1999, pa mwambo wowerenga maina a Ayuda amene anatengedwa mu France, iye anali mmodzi mwa owerenga. Atafika pa dzina la Gisèle Lustiger anawonjezera mawu awiri okha, kunena kuti awa ndi amayi anga, n'kupitiriza maina ena.

Mpingo nawo unali utayamba kale kusintha kayankhulidwe. Mu 1959 Papa John XXIII anachotsa mawu onyoza Ayuda m'pemphero la pa Lachisanu Loyera. Pa 28 Okutobala 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Nostra Aetate, chimene chinaphunzitsa kuti mlandu wa imfa ya Yesu sungaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo, ngakhalenso pa Ayuda a lero, ndipo kuti si zoona kuti Mulungu anawakana kapena kuwatemberera. Pa 13 Epulo 1986 Papa John Paul II analowa mu sunagoge wamkulu wa ku Rome, n'kutcha Ayuda achimwene athu aakulu. Zonsezi si chiphunzitso chatsopano. Paulo Woyera analemba kale kwa Aroma, mutu 11, kuti ife a mitundu ina tili ngati nthambi ya mtengo wa kuthengo yolumikizidwa pa mtengo wa olivi wobzalidwa, ndipo anatichenjeza kuti tisadzitukumule, pakuti muzu ndiwo ukutinyamula. Ananenanso kuti Mulungu salanda mphatso zimene anapereka. Chaka chilichonse timamva mawu akuti Ayuda kambirimbiri pa kuwerenga kwa masautso a Ambuye, ndipo ndikudziwa kuti ana athu ena amatuluka akuganiza kuti Myuda ndi dzina la munthu woipa. Ndi ntchito yathu, makolo ndi aphunzitsi a katekisimu, kuwauza kuti amene anali pa mtandayo anali Myuda, mayi amene anaima pansi pake anali Myuda, ndipo amene anapempha thupi kuti akaliike m'manda ake anali Myuda.

Nkhani ya Ayuda ndi yapadera, chifukwa chipangano chawo ndi chimene ife talumikizidwapo, ndipo sindifuna kuifanizira ndi nkhani ya mtundu wina uliwonse. Komabe pali chinthu chimodzi chimene chikutikhudza m'parishi muno. Usiku wa Pasaka uliwonse timabatiza akuluakulu, ndipo ena mwa iwo amachokera m'mabanja a chipembedzo china. Ife timaomba m'manja ndi kululutira, ndipo n'koyenera kutero. Koma kunyumba kwina usiku womwewo kumakhala mayi amene sakugona, akuona ngati mwana wake wamuthawa. Kodi timamukumbukira? Kapena timamuphunzitsa wobatizidwayo kuyankhula za kwawo ngati kumdima kumene wapulumukako, mpaka aleke kupita ku maliro a abale ake? Ndamvapo maumboni ena pa misonkhano amene munthu amatamandidwa kwambiri akanyoza kwambiri makolo ake. Kadinala Lustiger anakana kubweza ubatizo wake pamene bambo ake omwe anamupempha, ndipo kukana kumeneko kunawapweteka onse awiri. Koma sanagule malo ake mu Mpingo ponyoza nyumba imene anabadwiramo.

Tsiku la maliro lija, Arno Lustiger poimirira sanali kunena kuti ubatizo wa mbale wake unali wolondola. Iye anakhalabe Myuda mpaka imfa yake mu 2012, ndipo ntchito yake yaikulu inali kulemba mbiri ya Ayuda amene analimbana ndi Hitler. Sanali kuyankhuliranso Ayuda onse, pakuti alipo amene sanakondwe nazo. Anangochita zimene wachibale amachita: munthu wa m'banja mwathu wamwalira, alibe mwana woti amunenere pemphero, ndiye ndinena ndine. Ayuda ena amene anali pabwalopo anavomera. Maepiskopi anaima chete, kudikira nthawi yawo.

M'tchalitchi la Notre-Dame anaikamo chikwangwani chokhala ndi mawu amene Kadinalayo analemba yekha. Amanena kuti anabadwa Myuda, kuti analandira dzina la agogo ake a kuchimuna, Aaron, ndipo kuti atakhala mkhristu mwa chikhulupiriro ndi ubatizo anakhalabe Myuda monga anakhalira Atumwi. Amatchula oyera amene ankawadalira: Aroni mkulu wa ansembe, Yohane Mtumwi ndi Amayi Maria. Pomaliza amapempha odutsa pamenepo kuti amupempherere. Anamwalira pa 5 Ogasiti 2007, ali ndi zaka 80.